Chifukwa Chake Mitengo ya Nkhuku za Mazira Ofiira Isiyana

Awa ndi mawu amene Mlangizi wa Ziweto analankhula kwa oweta nkhuku a ku Kaliyeka, mu mzinda wa Lilongwe. Tawasindikiza muno kuti aphunzitsi ndi onse odziwa kuwerenga m'midzi awawerengere anzawo.

Funso limene mwanditumizira ndi lakuti: nanga bwanji nkhuku zoikira mazira ofiira zilibe mtengo umodzi? Munthu apita ku msika wa Kawale napeza msoti pa mtengo wakutiwakuti. Afika kwa Mchesi napeza wina wolingana nawo msinkhu, koma mtengo wake ndi wowirikiza. Pobwerera akumana ndi mnyamata amene amuonetsa chithunzi pa foni, cha mazira ofiira ngati njerwa yopsa bwino, nanena kuti nkhuku imodzi yoikira mazira otere ifuna ndalama zimene zikadagula zachikuda zingapo. Tsono munthuyo afika kunyumba mutu utaima, osadziwa amene anena zoona ndi amene afuna kumudyera.

Sinditchula makwacha lero, pakuti mtengo umene ndinganene mmawa uno udzakhala utasintha mwezi usanathe. Tiwerengera m'zinthu zimene sizisintha, ndizo chakudya chimene nkhuku idya, masabata amene yakhala ndi moyo, ndi mazira amene iikira. Amene adziwa zitatu izi angathe kuyesa yekha mtengo uliwonse umene auzidwa.

Tiyambe ndi kufiira kwenikweniko, kuti kuchokera kuti. Dzira litenga maola 25 kapena 26 kuti lipangike m'mimba mwa thadzi, ndipo mwa maola amenewa pafupifupi 20 likhala m'thumba limene liumba chigoba. Chigoba chiyamba chili choyera. Pa maola otsiriza okha, dzira lili pafupi kutuluka, m'pamene thadzi lipaka utoto pamwamba pake, monga mayi azira pansi ndi dothi atatha kale kumanga nyumba. Mukafuna kutsimikiza, swani dzira lofiira nimuyang'ane m'kati mwa chigoba: mupeza moyera. Ndipo dzira lofiira kwambiri likangoikiridwa kumene, mukalipukuta zolimba ndi kansalu konyowa, utoto wina utsalira pa nsalu.

Kuchuluka kwa utotowu ndi kwa chibadwa. Thadzi litengera kwa make ndi kwa atate ake, ndipo palibe chakudya kapena mankhwala amene angasandutse nkhuku ya mazira oyera kukhala ya mazira ofiira. Kawirikawiri kachikopa ka pansi pa khutu la nkhuku kakakhala kofiira, mazira ake akhala ofiira kapena ofiirira, ndipo kakakhala koyera mazira akhala oyera, ngakhale lamulo ili siligwira pa nkhuku zonse, makamaka zathu zosakanizikazi. Maonekedwe a nthenga okha sanena kanthu. Nkhuku yakuda bii ingathe kuikira dzira loyererako.

Chimene ambiri sachidziwa, ndipo chibweretsa milandu pakati pa wogula ndi wogulitsa, ndi ichi: thadzi limodzi lomwelo siliikira mazira ofanana kufiira chaka chonse. Msoti ukangoyamba, mazira ake akhala ang'ono ndi ofiira kwambiri. Miyezi ikamapita mazira akula, utoto womwewo uyenera kukuta chigoba chachikulu, ndipo kufiira kuyamba kusuluka. Nkhuku ikapuma, nisosoka nthenga, nimera zina, iyambanso ndi ofiira. Kutentha kwa mu Okutobala, kuopsedwa ndi galu kapena ana, ndi matenda a m'chifuwa, zonsezi zisulutsa dzira. Kotero munthu amene anagula msoti chifukwa cha dzira loyamba limene anaonetsedwa asafulumire kukasuma kwa mfumu pakutha miyezi isanu kuti anamizidwa. Mwina sananamizidwe konse.

Nanga dzira lofiira liposa loyera pa kudya? Iyayi. Akatswiri anayesa kale ndipo chakudya chili m'kati ndi chimodzimodzi. Mwana wodya dzira loyera akula ngati wodya lofiira. Chimene amayi muchikonda m'dzira lachikuda, chikasu chowala chija ndi kukoma kwake, chichokera ku masamba aawisi, tizilombo ndi chimanga chachikasu zimene nkhuku itola poyenda. Nkhuku yotsekeredwa yodya chimanga choyera chokha ipereka chikasu chotumbuluka, chigoba chikhale chofiira chotani. Kuno kwathu tinazolowera kuona mazira ofiirira m'sitolo ndi m'maokala, ndipo loyera tiliyesa lachilendo. Ku America zili mosiyana, pakuti kumeneko mazira oyera ndiwo achuluka m'masitolo. Ndi chizolowezi cha maso basi. Koma sindinena kuti chizolowezi chilibe ntchito, pakuti wogulitsa mazira agulitsa kwa anthu okhala ndi maso, ndipo ngati ogula ake afuna ofiira, ayenera kuweta zoikira ofiira.

Tsopano tione nkhuku zimene muzipeza pa malonda, pakuti dzina limodzi lakuti "ya mazira ofiira" libisa mitundu yosiyana kutalitali.

Yoyamba ndi yachikuda yathu, kaya kameta wa khosi lopanda nthenga, kaya kansilanga, kaya tsumba, kaya kawangi. Mazira ake akhala oyererako, ena ofiirira pang'ono. Iikira mazira 10 kufika 15, niyamba kufungatira masiku 21, nilera anapiye, ndipo pa chaka ichita zimenezi katatu kapena kanayi. Mtengo wake pa msika suyenda ndi mazira konse, uyenda ndi kulemera kwa thupi ndi kukoma kwa msuzi wake. N'chifukwa chake tambala wachikuda aposa thadzi mtengo.

Yachiwiri ndi ya Mikolongwe, yakuda yonyezimira ija. Dzina lake lenileni ndi Black Australorp. Inaumbidwa ku Australia kuchokera ku nkhuku ya ku England yotchedwa Orpington, ndipo inatchuka pamene matadzi 6 anaikira mazira 1,857 pa masiku 365 m'chaka cha 1922 kulowa 1923, ndiko kunena kuti pogawa mofanana, thadzi limodzi lipitirira 300. Boma linaibweretsa kuno m'zaka za m'ma 1950 niiswetsa ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, ndipo kumeneko n'kumene inatenga dzina limene tiitchula. Pambuyo pake malo ena oswetsera anakhazikitsidwa ku Bwemba kuno ku Lilongwe ndi ku Choma pafupi ndi Mzuzu. Cholinga chinali chakuti anapiye a masabata 6 agulitsidwe kwa anthu a m'midzi pa mtengo wotsika, kuti atambala ake akwere zachikuda ndi kukuza mtundu. Mazira a Mikolongwe ndi ofiirira, osati ofiira kwambiri. Vuto lake pa malonda ndi lakuti, popeza yakhala isakanizika ndi zachikuda zaka zoposa 60, nkhuku iliyonse yakuda pa msika itchedwa Mikolongwe. Yeniyeni ili ndi thupi lalikulu lodzaza, miyendo yakuda, maso akuda, lipombo limodzi loongoka lofiira, ndi nthenga zonyezimira mobiriwira pa dzuwa. Ikakhala ndi nthenga zofiira m'khosi kapena miyendo yachikasu, dziwani kuti ndi yosakanizika, ndipo musalipire mtengo wa yeniyeni. Dziwaninso kuti mazira 300 aja anaikiridwa ndi nkhuku zodyetsedwa mosamala pa mpikisano. Aphunzitsi a ku Bunda atayerekeza Mikolongwe ndi zachikuda m'midzi, anaona kuti ikasiyidwa kudzifunira yokha chakudya siiposa kwenikweni yachikuda.

Yachitatu ndi yofiira ya m'makola aakulu, imene ena aitcha haibulidi, monga Hy-Line Brown ndi Lohmann Brown. Iyi ndiyo iikira mazira ofiirira amene adzaza mathireyi m'misika ya mu Lilongwe. Iyamba kuikira pa masabata 18 kufika 20, ndipo ikadyetsedwa bwino ifika mazira 300 m'chaka chake choyamba. Koma ili ngati mbewu ya chimanga cha haibulidi. Mukaswetsa mazira ake, ana ake safanana ndi make pa kuikira, ndipo muyenera kubwerera kukagula anapiye atsopano. Makolo ake asungidwa ndi makampani a kunja, ndipo oswetsa a kuno awagula ndi ndalama zakunja. Kawirikawiri siifungatiranso. Pambali pa iyo pabwera zina za nyama ndi mazira pamodzi, monga Kuroiler, imene inaumbidwa ku India ndi kampani ya Keggfarms m'zaka za m'ma 1990. Iyi ikula msanga, ili ndi mawanga ngati yachikuda, ndipo mazira ake ndi ofiirira.

Yotsiriza ndi imene yadzetsa funso la lero, ya mazira ofiira moderapo, ngati dothi la katondo litanyowa. Yotchuka mwa izi ndi Marans, yotchedwa dzina la mudzi wa Marans ku France, pafupi ndi doko la La Rochelle. Zilipo zinanso ziwiri za ku Holland, Welsummer ndi Barnevelder, nazonso zotchedwa maina a midzi ya kwawo. Oweta Marans ku France anapanga bungwe lawo m'chaka cha 1929, ndipo ali ndi pepala la mitundu ya mazira loyambira pa 1 kulekeza pa 9. Nambala 1 ndi dzira loyera, nambala 9 ndi lofiira moderatu. Thadzi limene mazira ake safika pa 4 saliyesa Marans weniweni, likongole chotani. Kumeneko matadzi awiri a mtundu umodzi, a msinkhu umodzi, asiyana mtengo chifukwa lina lichokera ku banja loikira pa 4 ndipo lina ku banja loikira pa 6 kapena 7.

Mungafunse kuti banja la pa 7 lidulira chiyani? Taonani ntchito imene woweta agwira. Kufiira kumeneku sikuyenda ndi chinthu chimodzi m'magazi a nkhuku, kuyenda ndi zambiri zophatikizana, ndipo kutayika msanga. Woweta ayenera kusankha mazira ofiira koposa okha kuti aswetse, ena onse apita ku poto. Mwa anapiye oswedwa, theka ndi atambala. Matadzi otsalawo ayenera kuwadyetsa miyezi 6 asanaone dzira ngakhale limodzi, ndipo akaliona, ambiri apezeka kuti safika pa muyeso, nawachotsa. Tambala nayenso ayenera kukhala woswedwa m'dzira lofiira, pakuti ngakhale saikira, apereka theka la chibadwa kwa ana ake aakazi, ndipo kuti woweta adziwe ngati tambala ali bwino ayenera kudikira ana akewo akule ndi kuikira, chimene chitenga chaka chathunthu. Ngakhale kuunika dzira ndi tochi kuti aone ngati muli mwanapiye kuvuta, chifukwa chigoba chodera sichilola kuwala kupyola. Msoti umodzi wabwino umene agulitsa usenza mtengo wa chakudya cha abale ake onse amene anakanidwa. Uwu ndi mtengo woona, wopanda chinyengo. Kuonjezera apo, nkhuku kapena mazira oswetsa saloledwa kulowa m'dziko muno popanda chilolezo cha Dipatimenti ya Ziweto, ndipo lamulo ili lili ndi chifukwa chake: chimfine cha mbalame chinagwa ku South Africa mu 2017 ndiponso mu 2023, nkhuku mamiliyoni zinaphedwa, ndipo mu 2023 mazira anasowa m'masitolo a kumeneko. Wobweretsa nkhuku mwa lamulo alipira chilolezo, dokotala ndi ulendo. Wozembetsa salipira, koma angathe kukubweretserani nthenda yopululutsa makola a Kaliyeka yense.

Mukakweretsa tambala wa mazira oderawa pa thadzi lachikuda, ana adzaikira ofiirira a pakati, ndipo adzukulu adzabwerera kufupi ndi oyererako. Munthu wogula thadzi limodzi lokha kuti adzachulukitse ndi tambala wa pakhomo agula utoto umene udzatha ndi thadzilo.

Koma mtundu si chifukwa chachikulu koposa chosiyanitsa mitengo pa misika yathu. Chachikulu ndi msinkhu. Mwanapiye wa tsiku limodzi ndiye wotsika mtengo, chifukwa sanadye kanthu ndipo ngozi yonse ili pa inu: mbaula ndi makala masabata atatu kapena anayi oyamba, makoswe, chimbwi cha miyendo iwiri, ndi ena amene angofa osadziwika chifukwa. Wa masabata 6 wapyola nthawi yoopsayo. Msoti wa masabata 18, umene uli pafupi kuikira, wadya kale makilogalamu 6 kapena 7 a chakudya chogula, ndipo mwini wake wataya ena pa njira. Mukaona mtengo wa msoti wotere, funsani ku sitolo mtengo wa thumba la makilogalamu 50, muwerenge mtengo wa makilogalamu 7, muonjezepo mtengo wa mwanapiye, katemera, makala ndi thukuta la mwini wake. Aphunzitsi, iyi ndi samu yabwino yopatsa ana a Sitandade 7. Mtengo ukakhala pafupi ndi yankho lanu, ndi woyenera. Ukatsika kwambiri kuposa yankho lanu, musakondwere msanga. Palibe munthu agulitsa msoti pansi pa mtengo wa chakudya chimene unadya popanda chifukwa.

Chifukwa chimenecho kawirikawiri ndi chimodzi mwa ziwiri. Choyamba, nkhukuyo si msoti konse koma nkhalamba. Makola aakulu agulitsa nkhuku zawo zofiira zikatha chaka kapena kuposerapo zili kuikira, ndipo zimenezi ndi za ndiwo. Mtengo wake ndi wotsika, ndipo palibe choipa kuzigula podziwa. Zina ziikirabe pang'ono. Choipa ndi pamene wina azigula, azisunga masabata angapo kuti nthenga zimere, nazigulitsa ngati misoti. Gwirani nkhuku m'manja mwanu musanalipire. Msoti wa mtundu wofiirawu uli ndi mlomo ndi miyendo yachikasu chowala, mamba a miyendo osalala, nthenga zathunthu, ndi lipombo limene lingoyamba kukula ndi kufiira. Imene yaikira nthawi yaitali yasuluka mlomo ndi miyendo, pakuti chikasucho chinapita m'mazira, ndipo mamba ake ndi okhakhala. Pa Mikolongwe chizindikiro cha chikasu sichigwira chifukwa miyendo yake ndi yakuda, kotero yang'anani mamba ndi nthenga. Ngati wogulitsa anena kuti nkhuku ili kuikira tsopano, pimani ndi zala pakati pa mafupa awiri a kumbuyo, pafupi ndi potulukira dzira. Pakalowa zala ziwiri kapena zitatu, iikira. Pakalowa chala chimodzi chokha, siiikira.

Chachiwiri ndi chitopa. Nonse muchidziwa, m'mene chifikira nthawi yotentha, nkhuku n'kumasinza, kukhosomola, kupindika khosi, ndi kutha khola lonse m'sabata imodzi. Chikalowa m'mudzi, anthu athamangitsa zotsala ku msika zisanagwe, ndipo mitengo igwa mwadzidzidzi. Nkhuku ingathe kukhala ndi nthendayi masiku angapo isanaonetse chizindikiro. Wogula yotchipa pa nthawi yotere kawirikawiri alipira ndi nkhuku zake zonse za kunyumba. Chitopa chilibe mankhwala ochiza, chili ndi katemera yekha. Alipo katemera wa I-2, wa kadontho kamodzi m'diso, amene wakhala akupangidwanso konkuno ku Lilongwe, ndipo abwerezedwa pakapita miyezi inayi iliyonse. Anapiye a m'khola afunanso katemera wa gumboro m'masabata awo oyamba. Nkhuku yotemeredwa iyenera kudula kuposa yosatemeredwa, ndipo kusiyana kumeneko lipirani ndi mtima woyera. Koma funsani tsiku limene inatemeredwa ndi amene anatemera. Woweta wosamala ali ndi kope lolembamo zimenezi ndipo sachita manyazi kulionetsa.

Pa anapiye palinso nkhani ya amuna ndi akazi. A mtundu wofiira wa m'makola aakulu aoneka pa tsiku loyamba lomwe: aakazi ndi ofiirira, aamuna ndi oyera motuwira. Oswetsa asiyanitsa, ndipo aakazi okha ndiwo adula. Mukapeza anapiye oyera otchipa zedi, wogulitsa n'kumati ndi a mazira, ganizani kawiri, pakuti mungathe kudyetsa atambala okhaokha miyezi isanu. Anapiye a Mikolongwe ndi a Kuroiler kawirikawiri agulitsidwa osasiyanitsa, kotero pogula 20 yembekezani matadzi pafupifupi 10. Mtengo weniweni wa thadzi limodzi ndiye kuti ndi wa anapiye awiri, ngakhale tambala naye adzabweza ndalama yake pa Khirisimasi.

Za nyengo sindichulutsa mawu, pakuti muzidziwa kuposa ine. Pa Khirisimasi, pa Chaka Chatsopano, pa Pasaka, pa Idi ndi m'miyezi ya maukwati nkhuku zikwera. Mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka ndipo ana afuna fizi, anthu a kumudzi agulitsa pa mtengo uliwonse. Wanjinga amene wachokera nazo ku Mitundu kapena ku Nathenje m'bandakucha aikapo yake, venda wa pa msika aikapo yake, ndipo n'koyenera, pakuti onse agwira ntchito. Amene ali ndi mbale kumudzi angathe kugula pakhomo pa woweta, kumene aonanso khola ndi make wa nkhukuyo.

Chakudya ndicho chikoka mitengo yonse. Chipangidwa ndi chimanga ndi soya, ndipo mavitamini, katemera wina ndi makolo a anapiye agulidwa ndi ndalama zakunja. Pamene kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, niitsitsidwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, mtengo wa thumba la chakudya unatsata, ndipo wa mwanapiye ndi wa msoti unatsata pambuyo. Ng'amba ya mu 2024 itachepetsa chimanga, nkhuku ndi munthu anayamba kulimbirana thumba limodzi. Kotero amene akumbukira mtengo wa zaka zitatu zapitazo namayesa woweta wa lero wakuba, amulakwira.

Nanga tsono munthu wa kuno agule iti? Ndinena maganizo anga poyera. Thadzi loikira lidya magalamu 110 kufika 120 pa tsiku, ndiko kuti makilogalamu 40 ndi kuposerapo pa chaka. Thumba limodzi la makilogalamu 50 lidyetsa matadzi 10 kwa masabata 6 okha. Marans, imene ili yaikulu thupi, siidya zochepera apo, koma iikira mazira 150 kufika 200 pa chaka, pamene yofiira ya m'khola ifika 300. Titenge 180. Kusiyana ndi mazira 120, mathireyi anayi athunthu pa nkhuku imodzi. Kuti mulingane ndi mnzanu woweta zofiira wamba, muyenera kugulitsa mazira anu atatu pa mtengo wa mazira ake asanu. Mayi wogula mazira awiri pa okala kuti ana adyere nsima sadzalipira mtengo wotere chifukwa cha chigoba chimene adzataya kudzala. Pokhapokha mutapeza kale wogula wokhazikika, kaya hotela, kaya anthu ofuna mazira oswetsa, ndalama ya utoto siidzabwerera. Musagule mbereko mwana asanabadwe. Amene afuna nkhuku zotere chifukwa cha kuzikonda, ndipo ndalama ali nayo, palibe womletsa, ndi zokongola ndithu. Koma mayi wa gulu la banki ya m'mudzi amene watenga ngongole yobweza pakutha miyezi itatu, ndimpempha asayambire pamenepo.

Kuno ku Kaliyeka, monganso ku Chilinde ndi ku Area 23, mapoloti ndi ang'ono, ambiri mukhala m'nyumba za lendi, ndipo nkhuku yoyenda ilowa m'dimba la mnansi n'kubweretsa mlandu. Amene angathe kumanga khola ndi kugula chakudya mosadukiza, ndipo afuna kugulitsa mazira, atenge zofiira za m'khola. Koma adziyese bwino, pakuti nkhuku imeneyi ikasowa chakudya choyenera kapena madzi masiku awiri okha, ichepetsa kuikira ndipo ichedwa kubwerera. Gaga yekha saikwanira. Amene ali ndi kabwalo, nadalira gaga, zotsala za kukhitchini ndi masamba, atenge Mikolongwe kapena Kuroiler, nasungeko matadzi awiri achikuda kuti azifungatira mazira. Kwa inu a kumudzi amene mumva mawu awa powerengeredwa, yachikuda yotemeredwa pa nthawi yake, yogona m'khola lotchinga bwino, ikupindulirani kuposa yachilendo yodula imene mulibe chakudya chake.

Ngati mwatsimikiza mtima kugula ya mazira oderawo, musagule pa chithunzi. Chithunzi chingathe kutengedwa ku dziko lina, ndipo dzira lonyowetsedwa kapena lopakidwa mafuta lioneka lofiira kuposa m'mene lilili. Pitani pakhomo pa woweta mmawa, muone mazira ali m'chisa, muone matadzi amene awaikira, mufunse kuti akhala akuikira miyezi ingati. Mazira ofiira a thadzi limene laikira miyezi 6 anena zambiri kuposa a msoti woyamba dzulo. Muone tambala, ndipo muone ngati palibe atambala ena oyenda pakhomopo, chifukwa thadzi lisunga mbewu ya tambala m'thupi mwake masabata awiri kapena atatu, ndipo tambala wa mnansi wolumpha mpanda kamodzi kokha asokoneza anapiye onse. Woweta amene akana kukuonetsani khola nakuuzani kuti mukakumane pa depoti, msiyeni ndi nkhuku zake. Ena akana alendo kulowa m'khola poopa matenda, ndipo achita bwino, koma otere akulolani kuona muli kunja kwa waya.

Nkhuku iliyonse imene mwagula, yodula kapena yotchipa, musaisakanize ndi zanu tsiku lomwelo. Itsekereni payokha masiku 14, ndi chodyera ndi chomwera chakechake, ndipo muziyamba kudyetsa zakale musanapite kwa yatsopano. Yang'anani pansi pa mapiko ndi m'mbali mwa maso ngati muli utitiri. Ikasinza, ikakana kudya kapena ikatsegula m'mimba zobiriwira, itanani mlangizi wa ziweto wa dera lanu musanaiphe kapena kuigulitsa, ndipo ikafa ikwirireni mozama kuti agalu asaifukule. Botolo limodzi la katemera wa chitopa likwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa, kotero gwirizanani nyumba zoyandikana, mulembe maina ndi chiwerengero cha nkhuku kwa mfumu, kuti wotemera adzafike tsiku limodzi nyengo yotentha isanayambe. Amene muli ndi mafunso, imikani manja tiyambe ndi amayi a kumbuyoko.